Mutu 6: Nsapato Zimene Sizinajambulidwe

1. Buku lakale m'chikuto chatsopano

Kusukulu amanditchula kuti Chete. Dzinali anandipatsa ndi mtsikana mnzanga Wailesi tili kupulayimale, ndipo ine ndinamubwezera lakelo tsiku lomwelo. Iye amalankhula, ine ndimamvetsera. Takhala choncho zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndili m'kalabu yolemba. Timakumana Lolemba masana m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, momwe muli tebulo lalitali, mipando isanu ndi itatu, ndi kabati ya chitseko chokana kutsekeka. Pakatha milungu iwiri timamata nyuzi yathu pabolodi la pakhonde. Wosonkhanitsa nkhani ndi mnyamata wa Fomu 4 amene tonse timangomuti Mkonzi.

Chaka chonse chatha, mpando wa kumanzere kwa Mkonzi unali wanga. Ndinkamusongolera mapensulo ndi kumukonzera zilembo zolakwika. Sankalankhula nane zambiri. Koma akamaliza kuwerenga nkhani yanga, ankagogoda patebulo kawiri ndi chala. Kugogoda kumeneko ndinkapita nako kunyumba.

Teremu ino Wailesi analowa kalabu. Ndinamuitana ndine. Pofika mlungu wachitatu, mpando wa kumanzere unali wake, ndipo Mkonzi anali ataphunzira kuseka mokweza.

Lolemba limenelo Madamu, amene amayang'anira kalabu, analowa ndi buku lonenepa la chikuto chofiira. Mutu wake unali wakuti *Pakaliyala Pakwera Mmodzi*.

"Ana inu simukuzidziwa izi," anatero Madamu. "Ndi nkhani za zithunzi. Ife tinakulira pa zimenezi. Zinkatuluka mwezi ndi mwezi, timabuku topyapyala, ndipo tinkalimbirana mpaka kung'amba. Tsopano azisonkhanitsa zonse n'kuzisindikizanso. Ndikufuna wina atilembere ndemanga: muli chiyani, chakoma n'chiyani, chalakwika n'chiyani. Koma aliwerenge lonse. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Ntchito imeneyo mwini wake ndi Chete," anatero Mkonzi. "Amaona ngakhale kadontho kosowa."

Ndinatambasula dzanja. Koma Mkonzi anatenga bukulo n'kuliika patsogolo pa Wailesi.

"Koma uyu ayambe walisuzumira lero, akupatsa mawa. Iwe Wailesi, ukafika pa gawo lachisanu ndi chiwiri ukagwire nthiti."

Ndinabweza dzanja langa. Pensulo imene ndinkasongola inathyoka.

2. Timichira ndi timitambo

Lachiwiri m'mawa Wailesi anandiponyera bukulo padesiki. Makona a masamba ena anali atapindidwa, ndipo chikuto chinkanunkhira mafuta ake odzola.

"Iii, Chete, uliwerenge msanga! Wamagalasi uja wandithyola nthiti. 'Ndi-ndi-ndikudikira pa-pa-pampanda!' Mkonzi akuti amamutsanzira bwino kuposa ine, koma akunama."

Ndinaliwerenga masiku awiri.

Nkhani yake ndi ya anthu atatu. Pali mnyamata wa njinga. Pali Wamaliboni, mtsikana wofatsa woyandikana naye nyumba, amene amamugwirira njinga akamapopa. Ndiye pali Wamagalasi, wobwera kumene, wolongolola, woseka ndi aliyense. Gawo lililonse limatha mmodzi wa atsikanawa ali pakaliyala, winayo atatsala pamsewu akuyang'ana fumbi. Gawo lotsatira zimatembenuka. Mpaka tsamba lomaliza mnyamatayo sasankha.

Ndinalemba zimene ndinaona, monga ndimachitira nthawi zonse.

Mapepala ndi oyera, inki ndi yakuda bii, koma zovala ndi tsitsi ndi zakalekale. Mawu onse analembedwa pamanja, zilembo zing'onozing'ono zoimirira bwino, ndipo chilembo cha *g* chili ndi mchira wopindika ngati mbedza. Ndinkaona ngati ndinachionapo penapake.

Mawu a anthu ali m'timabaluni ta mitundu iwiri. Kena kali ndi kamchira koloza pakamwa: amenewo ndi mawu olankhulidwa. Kena kali ngati kamtambo: amenewo ndi maganizo, mnzake sakuwamva. Ndinawerenga ta Wamaliboni. Timitambo tinali makumi asanu ndi anayi, timichira khumi ndi tiwiri tokha.

Anthu a m'bukumo amakonda kuima kuseri kwa mipanda, matebulo ndi udzu wautali. Njinga yeniyeniyo imaoneka mahandulo ndi chishalo basi.

Ndipo Wamagalasi amalankhula bwinobwino mpaka gawo lachisanu ndi chimodzi. Gawo lachisanu ndi chiwiri amangoyamba chibwibwi, popanda wofotokoza chifukwa.

Zonsezi zinali zokwanira kulemba ndemanga yabwino. Ndikanalemba Lachitatu, mutu uno sukanakhalapo.

3. Katatu

Lachinayi titaweruka ndinapita kukachipinda ka kalabu kuti ndimufunse Mkonzi kutalika kwa ndemanga. Ndisanagogode, ndinaona pawindo.

Anali awiri. Mkonzi ankawerenga nkhani ya Wailesi ya mpira wa manja. Wailesi anakhala patebulo penipeni, akugwedeza miyendo. Mkonzi atamaliza anaika pepala pansi, n'kugogoda patebulo ndi chala.

Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Sindinalowe.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndekha ndinkadziwa za Wailesi. Anandiuza teremu itangoyamba, kuseri kwa labu, ndipo inali nthawi yokhayo imene ndinamumva akunong'ona. Nsapato zake zakusukulu zinali za achimwene ake. Zinali zazikulu, ndiye ankatsendera nyuzipepala kunsonga. Yakumanja inali yong'ambika, ndipo m'mawa uliwonse ankamata polishi wambiri pong'ambikapo.

"N'chifukwa chake ndimalongolola, mnzanga," anatero tsiku limenelo akuseka pang'ono. "Munthu akamakuyang'ana pakamwa sakuyang'ana kumapazi. Ukangouza munthu, ine ndafa."

Nditafika kunyumba sindinavule n'komwe yunifolomu. Ndinakhala patebulo, n'kutsegula kope limene linali pamwamba m'chikwama, la sayansi, n'kuyamba kulemba kumasamba akumapeto. Dzanja linkathamanga lokha. Ndime yoyamba inali ya mapepala ndi inki. Yachiwiri inali iyi:

*Bukuli ndi lokoma, koma laonongeka ndi munthu mmodzi. Wamagalasi ndi mtundu wa atsikana amene umawaitana ngati alendo, mawa lake uwapeza pampando wako. Amalongolola ngati mvula ya pamalata kuti anthu asayang'ane pansi. Pakuti atayang'ana pansi angaone nsapato zachimuna, zazikulu, zotsendera nyuzipepala, zimene ngakhale polishi walephera kuzibisa. Chibwibwi chimene chimamugwira pa gawo lachisanu ndi chiwiri ndi chilango chomuyenera, ndipo ndi pokhapo pamene ndinaseka.*

Ndinaiwerenga kawiri. Inandikomera ngati kukanda pamene pakuyabwa.

Ndinakopera bwinobwino pamapepala awiri. Lachisanu m'mawa pepala limodzi ndinalipinda kanayi n'kuliponya m'bokosi la kalabu, lija lamatabwa la loko, limene Mkonzi amatsegula Lolemba m'mawa. Linalo ndinasungira azakhali.

Poweruka Wailesi anapisa m'chikwama mwanga monga amachitira Lachisanu lililonse, n'kutenga makope oti akakopere manotsi.

"Ukanakhala mwamuna ndikanakwatiwa nawe, Chete iwe," anatero. "Manotsi ako amawerengeka ngati buku."

Ndinangomwetulira, maso ali pabokosi.

4. Rula ndi cholembera chofiira

Azakhali anga, alongo awo a bambo, amagwira ntchito kosindikiza mabuku. Ntchito yawo ndi kusaka zolakwika buku lisanapite kumakina. Loweruka amaweruka masana, ndipo ine ndimakonda kukawadikira.

Chipinda chawo n'chaching'ono. Muli desiki, nyale yopindika khosi, mulu wa mapepala mbali iyi ndi mulu wina mbali iyo. Kuseri kwa khoma makina amagunda osaleka, mpaka madzi a m'kapu amanjenjemera. Azakhali amawerenga ataika rula pansi pa mzere, cholembera chofiira chili kukhutu.

"Wabwera ndi chiyani lero, mlembi wamkulu?" anafunsa.

Ndinatulutsa pepala ndi buku lofiira lija. Ataona bukulo, nkhope yawo inasintha pang'ono. Sanalikhudze.

"Wapereka kale kapena sunapereke?"

"Ndaponya dzulo."

"Ohoo. Masiku onse umayamba wandionetsa. Lero wayamba waponya." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tiye tione."

Rula inatsika mzere ndi mzere. Pandime yoyamba anagwedeza mutu. Pandime yachiwiri rula inaima. Inaima nthawi yaitali.

"Nsapato izi zili pa tsamba liti?"

"Pena pake m'katimo."

"Tandipezera."

Ndinatsegula bukulo. Ndinkadziwa kuti za nyuzipepala ndi polishi mulibe, koma ndinkati nsapato zilizonse za Wamagalasi zindipulumutsa. Ndinavundukula gawo loyamba: ali kuseri kwa mpanda. Lachiwiri: ali kuseri kwa tebulo. Lachitatu: ali m'udzu wofika m'mawondo. Ndinapitirira mpaka kumapeto.

"Usavutike, mwana wa achimwene," anatero azakhali. "M'buku lonselo mulibe phazi ngakhale limodzi. Amene ankajambula zimenezi anali katswiri wa nkhope. Maso ankawajambula mpaka kuoneka ngati aphethira. Koma mapazi ankamukanika. Akayesa, ankatuluka ngati mabuledi. Ndiye ankangomeretsa udzu, kapena kumanga mpanda. Zaka zinayi anajambula anthu opanda mapazi, dziko lonse osazindikira."

Ndinatseka bukulo.

"Tsono ndiuze. Ngati Wamagalasi alibe mapazi, nsapatozi ndi za ndani?"

Makina anagunda. Madzi a m'kapu ananjenjemera.

"Za Wailesi," ndinatero.

"Wailesi yemwe uja? Amene anagona pabenchi ya chipatala iwe utathyoka mkono?"

Ndinawerama.

"Mvetsera bwino," anatero azakhali akuchotsa cholembera kukhutu. "Ndemanga ya buku ndi umboni. Ukuuza anthu amene sanalione kuti, ine ndaliona, muli zakutizakuti. Akukhulupirira iwe chifukwa maso awo sanafikepo. Ukaikamo chimene mulibe, ndiwe mboni yonama. Chimenecho ndi choyamba.

"Chachiwiri, usaganize kuti anzako ndi zitsiru. Pepala ili likamatidwa pabolodi, wina adzatsegula bukuli kufuna nsapato, sadzazipeza. Akazisowa m'buku adzazifuna pakhonde. Adzayamba kuyang'ana mapazi a mtsikana aliyense wodutsa. Lisanathe tsiku adzazipeza. Iwe udzati, ine sindinatchule dzina. Inde sunatchule. Wangoloza ndi chala, kenaka wabisa dzanja kumbuyo.

"Chachitatu, mnzako anakusungitsa chinthu. Munthu akakusungitsa chinsinsi wakupatsa mpeni, chogwirira chili kwa iwe, nsonga ili kwa iye. Amatero chifukwa akudziwa kuti sungakankhe. Iwe wakankha."

"Koma azakhali, iyeyo anandilanda—"

"Anakulanda chiyani? Tchula."

Ndinayesa kutchula. Mpando. Mapensulo. Kugogoda kwa Mkonzi patebulo. Nditazitulutsa pakamwa zinaoneka zazing'ono ngati timiyala.

"Mnyamatayo unamuuzapo kanthu?"

"Ayi."

"Wailesi unamuuza kuti zikukuwawa?"

"Ayi."

"Ndiye zonsezi zili m'kamtambo," anatero azakhali. "Wakwiyira anthu chifukwa sanawerenge kamtambo kako. Mwana iwe, kamtambo amawerenga ndi ogula buku okha. Amene uli nawo m'chithunzi sakaona."

5. Gawo lachisanu ndi chiwiri

Azakhali anadzuka n'kutseka chitseko. Phokoso la makina linachepa. Kenaka anakoka bukulo, n'kulitsegula osafufuza, ngati munthu wolowa m'nyumba yake. Linatseguka pa gawo lachisanu ndi chiwiri.

Anatenga kapepala n'kulembapo liwu limodzi: *galasi*. Anakaika pambali pa kabaluni ka Wamagalasi.

Mchira wa *g* unali umodzimodzi. Mbedza yomwe ija.

"Munalemba ndinu?"

"Mawu onse a m'bukuli. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito yanga yoyamba. Bwana ankalemba nkhani, wojambula ankajambula n'kusiya timabaluni topanda kanthu, ine ndinkadzazamo mawu.

Azakhali anapitiriza: "Wanena kuti pamene unaseka ndi pachibwibwi. Khala pansi ndikuuze chimene unaseka.

"Ndinali ndi mnzanga pantchito pano. Iye ankapinda masamba ndi kuwasoka. Tinkachita lendi chipinda chimodzi, tinkafunda bulangeti limodzi nyengo yozizira. Anali ndi chibwibwi. Pagulu sankalankhula, ankangomwetulira. Koma tikakhala awiri ankacheza mpaka ine kugona, chifukwa ankadziwa kuti ine sindimuseka, sindimumalizira mawu.

"Wojambula uja ndinkamufuna. Sindinamuuze. Ndinkangomutsukira maburashi, n'kumadikira kuti aone yekha. Tsiku lina ndinamuona akuperekeza mnzangayo kokwerera basi, atamunyamulira chikwama. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi.

"Mlungu umenewo anandipatsa gawo ili. Papepala la bwana panalembedwa kuti, 'Ndikudikira pampanda.' Ine ndinalemba izi ukuziona apazi. Ndinati ndi nthabwala chabe, bwana aona, andiuza kuti ndifufute. Bwana anaona, anaseka mpaka kukhosomola. Anati zisiye. Owerenga anatumiza makalata kuti Wamagalasi watsopanoyu ndiye wokoma. Kuyambira pamenepo bwana ankalemba yekha chibwibwicho, gawo ndi gawo.

"Tsono ganiza. Amene ankapinda masamba amenewa anali ndani? Mwezi uliwonse, timabuku zikwi zitatu, tsamba lililonse linkadutsa m'manja mwake. Zilembo zanga ankazidziwa. Ankadziwanso kuti 'pa-pa-pa' ameneyo ndi wake, chifukwa *p* ndiye ankamuvuta kwambiri, ndipo amene ankadziwa zimenezo ndinali ine ndekha.

"Sanandifunse. Sanandikalipire. Anangosiya kucheza nane tikakhala awiri. Anayamba kundimwetulira ngati mmene ankamwetulira anthu ena onse. Patatha miyezi itatu ndinapeza epuloni yake pamsomali, bedi lake lili loyalula. Mpaka lero sindidziwa kumene ali."

"Nanga wojambula uja?"

Azakhali anaseka, koma kuseka kopanda mchere.

"Anakwatira wina. Namwino. Tonse awiri sitinkamudziwa n'komwe. Wojambulayo ankangoperekeza mnzanga uja chifukwa ankakwera basi imodzi, ndipo m'basi momwemo ndi mmene ankakumana ndi namwinoyo."

Anasalaza tsambalo ndi dzanja.

"Ndinkati zinatha. Timabuku tija tinang'ambika, tina anakulungira zinthu kumsika, tina anayatsira moto. Chaka chino mabwana atsopano anati tizisindikizenso. Ukudziwa desiki imene zinafikira? Ino. Ndinapita kukapempha kuti gawo ili tilikonze, tibwezeretse mawu oyamba. Anandiuza kuti, 'Mayi, osakhudza ngakhale kadontho. Anthu akufuna mmene zinalili.' Ndiye ndinakhala pano ndi rula yanga, kuwerenga 'ndi-ndi-ndi' aliyense, kuonetsetsa kuti watuluka bwino. Zaka makumi atatu zapita, ndipo ana a sukulu ayambiranso kumuseka. Akuluakulu sananame kuti mlandu suwola.

"Nsanje si tchimo lachilendo, mwana wanga. Imagwira aliyense, ngati chimfine. Ikakugwira, lira, kwiya, pita kwa mwini wake ukamuuze pamaso kuti zikundiwawa. Mawu apakamwa amapweteka, koma mungathe kukhala pansi n'kuwabweza. Koma nsanje usaipatse cholembera. Iwe udzapola mlungu wamawa. Pepala silipola. Lidzakhala likunenabe zomwezo iwe utakalamba, utaiwala ngakhale nkhope ya mnyamatayo.

"Ine ndinalibe wonditsina khutu. Iwe uli naye. Bokosi limenelo amatsegula liti?"

"Lolemba m'mawa."

"Ndiye madzi sanatayike. Koma chidebe chapendekeka."

Anandibwezera pepala langa. Sanalembepo chilichonse ndi cholembera chofiira. Inali nthawi yoyamba.

6. Bokosi

Lamlungu ndinalemba ndemanga ina. Ndinalemba za timichira ndi timitambo. Ndinalemba za mipanda ndi udzu, ndi anthu opanda mapazi. Ndinalemba kuti chibwibwi cha Wamagalasi si nthabwala, ndipo bukuli likanakoma koposa popanda icho. Ndinalembanso kuti Wamaliboni amamvetsa chisoni, koma theka la mavuto ake ndi oti amadikira kuti anthu alote zimene akuganiza.

Lolemba ndinafika kusukulu mageti akungotsegulidwa. Ndinapeza Mkonzi m'kachipinda kaja, kiyi ali kale m'loko.

"Chete! Wagwa pabedi lero?"

Ndinaima pakhomo.

Anatsegula bokosi n'kukhuthulira mapepala patebulo. Langa linali pamwamba, lopindidwa kanayi. Analitola.

"Ndemanga yathu ndi imeneyi eti? Ndakhala ndikuidikira."

"Musatsegule."

Mawu anga anatuluka mokweza mpaka ine ndemwe ndinadzidzimuka. Mkonzi anandiyang'ana ngati mpando walankhula.

"Ndikuifuna. Ndalemba ina, iyi."

"Lamulo ukulidziwa, Chete. Unalilemba ndiwe pachitseko apo. Chalowa m'bokosi ndi cha kalabu, ndipo Lachisanu likadutsa sitilandira kanthu."

"Ndikulidziwa."

"Ndiye vuto n'chiyani? Ngati ndi zilembo tikonza."

"Si zilembo. Muli bodza."

"Bodza lanji?"

"Ndinalemba chinthu chimene m'buku mulibe. Ndinalemba dala."

Chala chake chinali kale pakona ya pepalalo. Ndinkachiyang'ana chala chimenecho, chomwe chija chogogoda patebulo.

"Ndikakubwezera iyi, inayo sindilandira," anatero. "Ndikalandira yako, ndiye kuti aliyense azibwera ndi yake Lolemba. Malo ako ndiikapo nkhani ya Wailesi ya mpira, ndi chithunzi chomwe. Ndipo Madamu ndiwauza kuti ndemanga sinabwere. Ukudziwa mmene amachitira: sadzakupatsanso buku chaka chino. Ukuvomera?"

Pabolodi, pakati penipeni, pamene diso limayambira. Nkhani ya Wailesi, ndi chithunzi chomwe.

"Ndikuvomera."

Anandipatsa pepalalo osalitsegula.

"Ndinkakuyesa munthu wodalirika kuposa tonse," anatero, n'kuyamba kusanja mapepala ena. Sanandiyang'anenso.

Mawu amenewo anandiwawa kuposa kugogoda katatu kuja. Koma nditatuluka ndinapita kuseri kwa laibulale, n'kung'amba pepalalo tizidutswa ting'onoting'ono. Ndinang'ambanso lija ndinaonetsa azakhali. Ndinataya zonse m'bini, n'kuthirapo madzi a m'botolo langa mpaka inki inasungunuka.

Mapepala awiri ndinalemba, mapepala awiri ndang'amba. Ndinapuma mpweya waukulu. Ndinaganiza kuti pa buleki ndimutengera Wailesi kuseri kwa labu, ndikamuuze za mpando ndi mapensulo, ndi kamchira, osati kamtambo. Mwina akandiseka. Mwina tikaseka tonse.

7. Tsamba liti?

Pobwerera kukalasi ndinamva phokoso kugeti. Aphunzitsi a pa dyute anali ataimitsa ophwanya malamulo a yunifolomu, ndipo ana a Fomu 1 ankasuzumira akuseka.

"Iwe mtsikana wamkulumkulu, kubwera kusukulu ndi mapatapata? Kuno ndi kubafa? Nsapato zako zili kuti?"

Sindinamve yankho. Ndinadabwa, chifukwa amene ankafunsidwayo sasowa yankho.

Anali Wailesi.

Atamulemba dzina n'kumulola kulowa, anayenda molunjika kwa ine. Mapatapata ankalira pasimenti, *phwa, phwa, phwa*, ndipo khonde lonse linkamuyang'ana kumapazi. Maso ake anali otupa. Sanandikuwire patali monga amachitira. Sanandikoke tsitsi.

M'manja mwake munali kope langa la sayansi. Chala chake chinali m'kati, kumasamba akumapeto.

Mapepala sanali awiri. Anali atatu.

Anaima patsogolo panga, n'kutsegula kopelo, n'kulitembenuzira kwa ine. Zilembo zanga za Lachinayi zinali pomwepo, zopendekeka ndi liwiro, liwu lakuti *polishi* nditalitsindika mzere kunsi.

"Buku lija nanenso ndinaliwerenga lonse," anatero motsitsa mawu, ngati tsiku lija kuseri kwa labu. "Tandiuza, Chete. Nsapatozi zili pa tsamba liti?"

Belu linalira. Anzathu anatidutsa uku ndi uku akuthamangira kumzere. Ife sitinasunthe.

Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri, Wailesi anatseka pakamwa, n'kudikira kuti ndilankhule ndine.